Nyimbo zopanda mawu pa Khirisimasi: kakonzedwe ka madzulo abata pakhomo ku Dedza

Sabata ya Khirisimasi, pa Dedza boma, pa Chimbiya, pa Linthipe ngakhale pa Lizulu simusowa nyimbo. Masipika amayang'anizana m'mashopu, aliyense kufuna kuposa mnzake, ndipo wofuna zovina amazipeza osafunsa njira. Zimene zimasowa ndi nyimbo zoti anthu azimvera ali chikhalire, akucheza, mpunga uli m'mbale: gitala yokha, kiyibodi yoimbidwa mofatsa, kalimba, popanda woimba ndi pakamwa. Ntchito ya nyimbo zotere ndi kudzaza kachetechete amene amagwa achibale osaonana chaka chathunthu akakhala pamodzi nkhani isanagwire, koma osalanda malo a nkhaniyo. Muyeso wake ndi umodzi: agogo amene akhala kutali kwambiri ndi inu azimva zimene mukunena inu osakweza mawu. Akayamba kufunsa kuti "mwati bwanji?", ndiye kuti nyimbo zakwera.

Kusankha nyimbo

Yambani ndi liwiro. Nyimbo yofatsa imagunda ka 60 mpaka ka 80 pa mphindi. Kuti mudziwe, menyani chala patebulo motsatira kugunda kwa nyimboyo kwa masekondi 15, kenako chulukitsani ndi 4. Mukawerenga pakati pa 15 ndi 20, nyimboyo ndi yoyenera. Ikadutsa ka 100 pa mphindi mapazi amayamba kugwedera okha, ana amadzuka, ndipo amene munamusiyira sipika amaona ngati mpomwe akweze. Si zoipa, koma imeneyo ndi mbali ina ya tsikulo.

Chachiwiri ndi kudziwika kwa nyimbo. Nyimbo yopanda mawu imagwira mtima ngati womvera akuwadziwa kale mawuwo ndipo akuwaimba chamumtima. N'chifukwa chake nyimbo za kubadwa kwa Yesu zimene zimaimbidwa m'matchalitchi a Katolika, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Mua, ndi za m'buku la nyimbo la CCAP, zimaposa kutali zimene zadzaza pa intaneti. Zambiri za pa intanetizo anazipangira mayiko kumene Disembala ndi mwezi wa chipale chofewa, ndipo amazithira timabelu tolira mosongoka. Pa sipika yaing'ono timabelu timeneti timalasa m'khutu. Pa nyimbo 10 zilizonse, 6 kapena 7 zikhale zodziwika kwanuko, zotsalazo zikhale zachilendo koma zoimbidwa ndi piyano, gitala kapena chitoliro.

Pewani za gulu lalikulu la zoimbira zimene zimayamba motsika kwambiri kenako n'kuphulika mwadzidzidzi. M'nyumba yodzaza anthu mbali yotsikayo simveka, mumakweza, ndipo mbali yokwerayo ikafika aliyense amadzidzimuka. Ndipo nyimbo iliyonse muimvere mpaka kumapeto musanaiike pamndandanda. Zina zimayamba ndi zoimbira zokha, woimba n'kudzalowa pa mphindi yachiwiri, zina zili ndi mawu a DJ wodzitchula dzina pakatikati.

Kucheza kwa maola awiri kumafuna nyimbo 30 mpaka 35 za mphindi zitatu kapena zinayi. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, choncho zonsezi ndi pafupifupi 120 MB, ndipo memore khadi la 2 GB ndi lokwanira mpaka kutsala. Pa makhadi pali misampha itatu. Khadi loposa 32 GB limabwera litakonzedwa mwa exFAT, pamene masipika ambiri otsika mtengo amawerenga la FAT32 lokha, ndiye sipika imangokhala duu ngati mulibe kanthu. Nyimbo zobwera pa WhatsApp nthawi zambiri zimakhala za mtundu wa opus kapena m4a, ndipo sipika yotere imazidumpha. Auzeni anyamata oika nyimbo pamsika kuti azisandutse MP3. Msampha wachitatu ndi ndondomeko. Lembani manambala kutsogolo kwa mayina, 01, 02, 03, komanso muzikopere imodzi imodzi motsatira manambalawo, chifukwa masipika ena satsata dzina, amatsata momwe nyimbo zinalowera m'khadi.

Khadilo likhale la nyimbo zimenezi zokha. Likakhala ndi zina, nthawi imene amalume akupemphera chakudya ndiyo imatulukira ya chamba chovina.

Musadalire kumvera mwachindunji pa intaneti. Masiku a zikondwerero netiweki imadzaza, otsatsa malonda amalowerera pakati pa nyimbo, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kumene msewu umatsata malire, foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique, bandulo lanu n'kusiya kugwira ntchito. Tsitsani zonse kudakali masiku awiri kapena atatu, muziyese pa sipika imene mudzagwiritse ntchito, osati pa foni pokha. Ngati mukugwiritsa Bluetooth, foni isatalikire mamita 10 ndipo pasakhale khoma la njerwa pakati. Ikani foniyo pa airplane mode kenako muyatse Bluetooth yokha, apo ayi aliyense woimba foni kudzakufunirani Khirisimasi yabwino adzamveka pa sipika. Foni yakale yopanda SIM ndiyo yabwino pa ntchito imeneyi.

Poika sipika ndi kakwezedwe kake

Sipika isakhale pansi kapena pakona. Pakona pamakuza besi, ndipo besi ndiye amaphimba mawu a anthu akamacheza. Iikeni pa shelefu kapena pa kabati, mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchoka pansi, itatalikira khoma pang'ono, pansi pake mutayala kansalu kopinda kuti isamanjenjemeretse matabwa ndi matambula. Ngati ili ndi potsitsira besi, tsitsani kufika theka. Isaloze kumene kwakhala akuluakulu. Munthu akamakalamba khutu limavutika kusiyanitsa mawu a munthu ndi phokoso lina lomveka nthawi yomweyo, ndiye mpando wa agogo ukhale wotalikirana kwambiri ndi sipika, ngakhale ulemu ukukuuzani kuti muwaike pafupi kuti amve bwino.

Panja pali vuto lina. Pabwalo popanda makoma mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa mawu) 6 nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri. Wokhala pa mita imodzi ndi wokhala pa mamita 8 amasiyana ndi madesibelo 18, kusiyana kwakukulu zedi. Mukakweza kuti wakutali amve, wapafupi sangathe kucheza. Masipika awiri ang'onoang'ono, ina uku ina uko, onse otsika, amaposa chisipika chimodzi.

Cholakwika chofala kwambiri chimachitika chonchi. Anthu akachuluka macheza amakwera, wina n'kuona kuti nyimbo sizikumveka, n'kukweza. Anthu nawo amakweza mawu kuti amvane, iye n'kukwezanso, ndipo pakatha theka la ola aliyense akukuwa. Macheza akakwera, nyimbo zisiyeni pomwepo kapena muzitsitse. Zikamira, ndiye kuti zagwira ntchito yake. Musankhe munthu mmodzi woyang'anira sipika, wamkulu ndithu, ndipo ena onse adziwe kuti sakhudza.

Disembala ndi dzinja. Mvula ikagunda pa malata opanda siling'i palibe nyimbo yofatsa imene ingapikisane nayo, ndiye zimitsani, mudikire ikate. Kukachita ziphaliwali zulani pakhoma chilichonse cholumikizidwa ku magetsi. Ndipo poti kumtunda kuno, ku Dedza boma, ku Bembeke kapena ku Tsangano, kukagwa mvula madzulo kumazizira ngakhale mu Disembala, wina adzafuna kulowetsa mbaula m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha m'chipinda chotseka. Mbaula ikhale pakhonde, kapena mawindo akhale otsegula, ndipo isagone m'nyumba.

Za magetsi, werengerani ngati adzazima. Batire la sola la mavoti 12 ndi 7 Ah limasunga mawati 84 a ola limodzi, koma la mtundu wa asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye muli ndi 42. Sipika yaing'ono yoimba motsika imadya mawati pafupifupi 5, mababu awiri a mawati atatu lililonse ndi 6, pamodzi 11. Gawani 42 ndi 11, mupeza maola osakwana anayi, ndipo pamenepo palibe amene watchajapo foni. Masiku a mitambo ndi nkhungu sola sidzaza batire pa tsiku limodzi, choncho kuyambira pa 23 lisiyeni lidzaze, ma foni akatchajidwe kwina.

Kuimba nokha

Gitala imodzi yoimbidwa ndi mwana wa pakhomopo, ngakhale akupunthwa apa ndi apo, imakhazika anthu chete kuposa nyimbo iliyonse ya m'khadi. Palibenso chochititsa manyazi pa gitala yokha: nyimbo ya Khirisimasi ya Silent Night inaimbidwa koyamba pa 24 Disembala 1818 ku Oberndorf m'dziko la Austria, ndipo choimbira chake chinali gitala. Imayenda pa makodi (magulu a manotsi olira pamodzi) atatu okha, monganso nyimbo zambiri za m'buku.

Mawaya atsopano muwaike kudakali sabata. Waya watsopano amatamuka kwa masiku angapo, ndipo mukaika pa 24 muzidzachuna nyimbo iliyonse ikatha. Ngati ndalama ya mawaya onse palibe, pukutani akalewo ndi kansalu kouma, pansi ndi pamwamba, musinthe okhawo amene agwira dzimbiri, omwe kawirikawiri amakhala ang'onoang'ono. Kuchuna ndi kwa nthawi zonse, kuyambira waya wonenepa: E, A, D, G, B, E. Chinyezi cha dzinja chimafufumitsa thabwa ndipo kuzizira kumakoka mawaya achitsulo, choncho gitala yochunidwa masana kuchipinda imakhala itasokonekera ikafika pakhonde madzulo. Itulutseni ikhale pamalo oimbirapo kwa mphindi 20, muichune pomwepo, mudzachunenso pakatha nyimbo ziwiri. Osaitsamiritsa pakhoma lonyowa kapena pafupi ndi moto, chifukwa guluu wogwira kathabwa komangirira mawaya amasungunuka. A kumunsi ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kumene kumatentha, asaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Kiyi ya G ndiyo yosavuta: G, C ndi D, nthawi zina Em. Siyani kukwapula mawaya onse pamodzi monga pa kwaya, muzitola limodzi limodzi ndi zala. Mawaya amawerengedwa kuyambira woonda kwambiri, wa 1, mpaka wonenepa, wa 6. Chala chachikulu chimagwira besi: waya wa 6 pa G, wa 5 pa C, wa 4 pa D. Chamkombaphala chimatola waya wa 3, chapakati wa 2, chovala mphete wa 1. Nyimbo yowerengedwa katatu, menyani besi pa 1, kenako zala zitatuzo pamodzi pa 2 ndi pa 3. Yowerengedwa kasanu ndi kamodzi, imene imayenda ngati mukugoneka mwana, tsatani chonchi: besi, waya 3, waya 2, waya 1, waya 2, waya 3. Ophunzira ambiri amathamanga akafika posintha makodi chifukwa cha mantha. Mankhwala ake ndi kuyeseza ndi wotchi, kugunda kumodzi pa sekondi, mpaka dzanja lamanzere lizifika lisanaitanidwe.

Koma makodi okha sanena kuti ndi nyimbo iti. Popanda woimba ndi pakamwa pafunika china chonyamula mayendedwe a nyimboyo, apo ayi anthu amangomva G, C, D kwa ola lathunthu. Mukakhala awiri, wina atole makodi, wina aimbe nyimbo yeniyeniyo pa mawaya awiri ang'onoang'ono, kapena pa kiyibodi, kapena pa chitoliro. Wonyamula nyimboyo ndiye azimveka pamwamba. Ndime iliyonse muibwereze katatu: koyamba mosavuta, kachiwiri mokongoletsa pang'ono, kachitatu motsika kuposa poyamba.

Kiyibodi yobwereka kutchalitchi imabwera ndi zizolowezi za kwaya. Musanayambe onani Transpose, batani lokwezera kapena kutsitsira kiyi, ngati ili pa 0, chifukwa oimba kwaya amakonda kuisiya pa 2 kapena pa 3, ndiye gitala ndi kiyibodi zimakangana inu n'kumaganiza kuti gitala sinachunidwe. Zimitsani ng'oma ndi zonse zodziimba zokha. Sankhani mawu a piyano, ndipo ngati ili ndi Touch muyatse kuti kukhudza pang'ono kuzimveka motsika. Dzanja lamanzere ligwire manotsi awiri okha kumunsi, lamanja liimbe nyimbo. Chopondera chotalikitsa mawu muzichisiya nthawi iliyonse mukasintha makodi, apo ayi mawu amasakanikirana n'kukhala phala.

Adaputala ndiyo imawononga makiyibodi ambiri. Ang'onoang'ono ambiri a Yamaha amafuna mavoti 12, ambiri a Casio amafuna 9 kapena 9.5, ndipo mbali ya + ndi ya - pa kapulagi simafanana pa onse. Werengani zolembedwa pafupi ndi polowetsera musanabwereke adaputala ya wina. Ngati mukulumikiza ya mavoti 12 mwachindunji ku batire, ikani fyuzi ya 2 A pa waya wofiira, ndipo batirelo lisakhale likutchajidwa nthawi imeneyo, chifukwa potchajidwa limakwera kupitirira mavoti 14. Inveta yotsika mtengo imalowetsa kulira kwa "zzz" kumene pa nyimbo zaphokoso sikumveka koma pa zofatsa kumasokoneza. Mabatire 6 a tochi, pa makiyibodi amene amalola, alibe vuto limeneli.

Ngati m'mudzimo muli mkulu woimba kalimba kapena bangwe, kapena mayi wodziwa nkangala, uta wa bango woimbira pakamwa umene unabwera ndi Angoni, kampempheni ndithu, ndipo mumupemphe kudakali masiku, osati kumutumira mwana tsiku lomwelo. Zoimbira zimenezi zili ndi kachunidwe kakekake kosafanana ndi ka kiyibodi. Musamukakamize kutsata G, C, D kapena kuimba nyimbo za m'buku. Aimbe yekha, nyimbo zake, kwa mphindi 10 kapena 15. Kalimba kamamveka bwino kakaikidwa m'chipanda, ndipo kachitsulo kakasokonekera amakakankhira mkati kuti mawu akwere, kapena kukakokera kunja kuti atsike, koma zimenezo musiyireni mwini wake. Nkangala ndi yotsika kwambiri moti pamafunika sipika izime, anthu asendere pafupi, mbale zisiye kugundana. Woimba wotere sabwerera chimanjamanja: mbale ya chakudya ndi kangachepe m'manja.

Kayendedwe ka madzulo

Nyimbo za m'khadi ziyambe alendo asanafike, kuti polowa azipeze zikuimba kale motsika. Mukaziyatsa anthu atakhala kale, onse amatembenukira ku sipika n'kusiya kucheza. Pa malonje, pa pemphero, ndi pamene mwini khomo kapena wamkulu wina akulankhula, zimitsani kotheratu, osati kungotsitsa. Pa chakudya ziimbe. Oimba ndi manja alowe anthu atasamba m'manja, tiyi kapena thobwa likuzungulira, ndipo asapitirire theka la ola. Pakati pa nyimbo ndi nyimbo pazikhala kampata, osachita kuthamangira yotsatira.

Pa nyimbo yachitatu kapena yachinayi amayi ena adzayamba kung'ung'udza, kenako wina adzatulutsa mawu. Musawaletse poti munati nyimbo ndi zopanda mawu. Atsatireni, ndipo ngati kiyi yawakwerera, tsitsani Transpose ndi 2, wa gitala asamukire ku kiyi yotsika kapena angosiyira kiyibodi. Ana apatseni nyimbo imodzi yawoyawo ndi maseche, yachangu, chakumayambiriro. Akadziwa kuti gawo lawo lilipo, zinazo amapirira. Achinyamata ofuna zovina auzeni nthawi yeniyeni imene sipika idzakhale yawo, akuluakulu akapita kokagona, ndipo lonjezolo mulisunge.

Kupita nazo kwa ena

Mafuno abwino a nyengoyi amafika bwino ndi mapazi. Pafupi ndi khomo lililonse pali nkhalamba imene ana ake ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, pali wodwala amene sanathe kupita ku tchalitchi, pali mayi wamasiye. Tumizani uthenga dzulo lake kuti mubwera. Masiku ena onse kupatula la Khirisimasi lenilenilo pitani masana, chifukwa m'mawa anthu ali kumunda kupalira ndi kuthira feteleza. Mukhale anthu anayi mpaka 6. Mukachuluka mwini nyumba amayamba kuvutika ndi mipando ndi maganizo a choti akupatseni, ulendo wanu n'kusanduka katundu. Ngati mukuyenda makomo angapo ngati gulu, adziwitseni amfumu.

Odi ndi malonje zimayamba, gitala ikadali m'thumba. Mukatha kufunsana za mvula ndi za m'thupi, mpomwe wamkulu wa gululo anene kuti, "Agogo, ana anuwa akonzako tinyimbo tiwiri, mungalole akuimbireni?" Akalola, nyimbo zitatu zakwana, ndipo funsani ngati pali imene iwo amaikonda. Ulendo wonse usapitirire theka la ola, paja mlendo ndi mame. Sipika pa maulendo otere isiyeni kunyumba.

Mphatso iganizireni nyengo. Pofika kumapeto kwa Disembala nkhokwe zambiri zapepuka ndipo ndalama zinathera ku mbewu ndi feteleza. Kathumba ka ufa, shuga kilogalamu imodzi, mchere, sopo, botolo laling'ono la mafuta ophikira ndi machesi zimathandiza masabata, pamene zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi zimatha tsiku lomwelo, kawirikawiri m'kamwa mwa adzukulu. Mangani m'jumbo losaonekera kapena m'chitenje, mupereke potsanzika, ndi manja awiri, popanda kuwerengera anthu zimene zili mkatimo. Osajambula zithunzi zokaika pa Facebook. Munthu wolandira thandizo amavomera kujambulidwa chifukwa chosowa pokanira. Ndipo ngati m'gulumo muli anyamata amphamvu, mphatso yoposa zonsezi ndi kubweranso m'mawa wina ndi makasu n'kupalira mizere ya agogowo udzu usanamize chimanga.

Ana oyenda m'makomo kupempha Khirisimasi bokosi asungireniko maswiti kapena zitumbuwa padera, kuti asathere zimene munakonzera okalamba.

Kuchipatala, kaya chachikulu cha pa boma kaya cha mishoni ngati cha ku Mua, simungolowa. Kapempheni chilolezo kwa oyang'anira kudakali masiku, mutsate nthawi yoonera odwala, ndipo mukauzidwa kuti m'wodi simuimbidwa, musatsutse. Malo amene nthawi zambiri amaiwalika ndi kumene amakhala odikirira odwala. Anthu amenewa amadya Khirisimasi kutali ndi kwawo, akuphika pa mafuwa, ndipo ufa, nkhuni, sopo ndi nyimbo ziwiri za gitala amazilandira ndi manja awiri. Chakudya chopatsa wodwala mwachindunji funsani kaye anamwino, chifukwa ena ali ndi matenda a shuga, ena akudikira opaleshoni.

M'mudzi mukagwa maliro, nyimbo zonse zimaima, zofatsa zomwe, mpaka mwambo utatha. Banja limene laferedwa chaka chomwecho kaliyendereni, koma choimbira musiye. Ngati iwo eni atchula nyimbo imene malemu ankaikonda, mukhoza kudzabweranso nacho. Kumbukiraninso kuti si onse amene amakondwerera tsikuli. Ku Dedza kuli Asilamu ambiri, makamaka m'madera a Ayao monga kwa Tambala, ndipo a Mboni za Yehova sachita Khirisimasi. Mnansi wotere mupatseni moni wa masiku onse, mugawane naye chakudya ngati mumagawana kale, ndipo nyimbo zanu zisadutse mpanda. Ngati mukufuna kuti adye nawo nkhuku, mnansi wachisilamu mupempheni azinge yekha.

Kwa achibale akutali, jambulani kanyimbo ka masekondi 40 mpaka 60. Foni ikhale masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pamene khosi la gitala limakumana ndi mimba yake, osati kutsogolo kwa bowo, chifukwa pabowo mawu amafufuma. Jambulirani kuchipinda kumene kuli matiresi ndi makatani, mvula isakugwa, foni ili pa airplane mode. Gwiritsani pulogalamu yojambulira mawu ya m'foni n'kutumiza ngati fayilo, chifukwa kujambula ndi kabatani ka WhatsApp kumafinya mawu, ndipo ma foni ena amayesa kulira kwa gitala phokoso n'kumakudula. Nyimbo ikatha, wamkulu wa pakhomo anene moni, atchule wolandirayo ndi mfunda wake, a Phiri, a Jere, Nangozo, ndi ana ake mayina. Uthenga umodzi wopita kwa munthu mmodzi umasungidwa, pamene kakhadi kotumizidwa ku gulu lonse kamafufutidwa foni ikadzaza. Tumizani pa 23 kapena m'mawa wa pa 24 netiweki isanadzaze.

Zonsezi ndi za pakhomo. Mukafuna kuchitira pa lesitilanti, pa malo ogona alendo kapena mu holo yolipiritsa pakhomo, nkhani imasintha, chifukwa kuimba nyimbo za eni ake pamalo a malonda kumafuna laisensi ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso, motsatira lamulo la umwini wa luso la 2016. Nyimbo yakale kwambiri ikhoza kukhala yopanda mwini, koma amene anaijambula posachedwa ndi piyano yake ali ndi umwini pa chojambulacho.

Pa 26, lomwenso ndi tsiku la tchuthi, batire libwerere pa sola mpaka lidzaze, chifukwa la asidi likakhala masiku lili lotsika silibwereranso mphamvu yake yonse. Mawaya a gitala apukutidwe thukuta lisanasanduke dzimbiri, mabatire a tochi achotsedwe mu kiyibodi asanayambe kutulutsa madzi, ndipo kiyibodi yobwereka ibwezedwe ndi adaputala yake Lamlungu lisanafike. Memore khadi lija limateni ndi selotepi mkati mwa chikuto cha buku la nyimbo. Pa usiku wa pa 31 mudzachotsemo za kubadwa kwa Yesu zingapo n'kuikamo za mayamiko, zotsalazo zigwiranso ntchito.